Kodi wophika ankadyetsa bwanji makauboyi miyezi itatu m'tchire popanda firiji?

Kamtedza:

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa kuphika pamoto wapanja komanso mbiri ya America. Funso langa likukhudza maulendo aja oyendetsa ng'ombe kuchokera ku Texas kupita kunjanji ku Kansas, kuyambira cha m'ma 1866 mpaka m'zaka za m'ma 1880. Mtunda wopitirira makilomita 1,000, amuna 10 kapena 12 otchedwa makauboyi, miyezi iwiri kapena itatu, firiji palibe, sitolo ili kutali, malo ena ngakhale mtengo wa nkhuni osaoneka. Anthuwa ankadya chiyani tsiku ndi tsiku, ndipo chakudyacho ankachisunga bwanji kuti chisawonongeke?

Chachiwiri, ndikufuna kuphika zimenezi monga zinkaphikidwira: buledi wa mumphika wachitsulo, nyemba, nyama ndi khofi. Ndipatseni miyezo yeniyeni. Makamaka mundiuze chimene chimachititsa kuti buledi apserere pansi, pamwamba padakali poyera.

Mwinimoto:

A Kamtedza, tiyambire pangolo, chifukwa chakudya chonse chinkatsatira zimene ngolo ingathe kunyamula. Pamaulendo oyambirira kunalibe ngolo ya khitchini. Ufa wa chimanga, nyama ya nkhumba yamchere ndi khofi zinkayenda pamsana pa kavalo kapena nyulu, anthu n'kumadziphikira okha. Amene amadziwika kuti anayambitsa ngolo ya khitchiniyo, yotchedwa chuck wagon, ndi Charles Goodnight, mu 1866, chaka chimene iye ndi Oliver Loving anayendetsa ng'ombe kupita ku Fort Sumner ku New Mexico. Anatenga ngolo yolimba ya asilikali n'kukhomerapo bokosi kumbuyo. Bokosilo linali ndi mashelefu ndi madilowa, ndipo chitseko chake chinkatsegukira pansi n'kutsamira pamwendo umodzi, basi tebulo lokandirapo buledi lapezeka. M'munsi mwa bokosi munkakhala miphika yolemera. M'mbali mwa ngolo ankamangirira mgolo wa madzi okwanira masiku awiri okha, ndipo kunsi kwake ankapachika chikopa cha ng'ombe chosafufuta, choponyamo kamtengo kalikonse kouma komwe apeza m'njira.

Chikopa chimenecho musachiderere. Ku Texas kuli mitengo ya mesquite imene makala ake amakhalitsa, koma akawoloka mtsinje wa Red River n'kulowa m'zidikha za udzu wokhawokha, nkhuni zinkasowa. Kumeneko ankasonkhera ndowe zouma za ng'ombe ndi za njati za kumeneko. Ndowe zimayaka msanga, zimasiya phulusa lambiri, ndipo moto wake suchedwa kufooka, choncho wophika sankachoka pamoto. Ankakumbanso kangalande kotalika n'kugoneka zitsulo pamwamba, kuti mphepo isauluze moto n'kuyatsa udzu.

M'ngolomo munali fulawa, ufa wa chimanga, nyemba za pinto, khofi, mchere, soda, shuga kapena manyuchi, mpunga, maapozi ouma, mphesa zouma, nyama ya nkhumba yamchere ndi mafuta ophikira. Mukaona bwino, chilichonse ndi chouma kapena chamchere. Madzi ndiwo amalemera ndipo ndiwo amawoletsa, ndiye palibe ankafuna kuwanyamula m'chakudya. Zam'zitini, monga tomato, mapichesi ndi mkaka wokhuthala umene Gail Borden anautengera chilolezo mu 1856, zinalipo ndithu koma zinali zolemera. Zinachuluka m'zaka zakumapeto, makamaka pangolo za m'mafamu a ng'ombe zimene sizinkapita kutali. Mazira ndi ndiwo zamasamba zinkaoneka pokhapokha akadutsa pakhomo pa mlimi. Amene ankatsata njira yakumadzulo yopita ku Dodge City ku Kansas ankawonjezera katundu pasitolo ya Doan, m'mbali mwa Red River, kuyambira mu 1878.

Dongosolo la tsiku ndilo limafotokoza zambiri. Ng'ombe 2,500 kapena 3,000 zinkayenda makilomita 16 mpaka 24 okha patsiku, uku zikudya udzu, kuti zikafike kumsika zisanaonde. Wophika ankadzuka cha m'ma 3 koloko, anthu n'kudya kusanache. Akatero ankapakira zonse, kupitirira ng'ombezo, kukakoleza moto pamalo opumira masana, kupakiranso, n'kukakolezanso pamalo ogona. Khitchini yomasula ndi kumanga kawiri kapena katatu patsiku silola chakudya chochedwa masana. Zochedwa zonse zinkadikira madzulo ndi usiku. N'chifukwa chake malipiro ake ankaposa a kauboyi wamba, amene ankalandira pakati pa madola 25 ndi 40 pamwezi, ndipo mawu ake pafupi ndi ngolo anali lamulo. Palibe ankamangirira kavalo kungolo, ndipo wobwera pakavalo ankadzera mbali imene mphepo ikulowera kuti fumbi lisagwere m'miphika. Asanagone, wophikayo ankatembenuza mtengo wokokera ngolo kuti uloze nyenyezi yakumpoto, kuti m'mawa kapitawo adziwe kolowera.

Nachisale:

Zikomo a Mwinimoto. Ine ndiyankhe za buledi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwa mphwayi.

Buledi wawo kwenikweni anali masikono otupitsidwa ndi phala lowawasa la fulawa, limene wophika ankalisunga m'kamgolo kamatabwa. Phalali ndi lamoyo, lili ndi yisiti wachilengedwe. Usiku wozizira ankalifunditsa bulangete, ena mpaka kugona nalo, chifukwa likazizira kwambiri limaleka kutupa ndipo m'mawa masikono amatuluka olimba.

Kuliyambitsa: sakanizani makapu awiri a fulawa ndi makapu awiri a madzi ofunda, ofunda chabe moti chala chisamve kutentha. Madzi ophikira mbatata za kachewere, akazizira, amathandiza kuti liyambe msanga. Thirani supuni imodzi ya shuga. Ikani m'chiwiya chadothi, chagalasi kapena chamatabwa, chachikulu kuwirikiza kawiri phalalo popeza limakwera. Chitsulo wamba ayi, asidi wake amachidya. Vundikirani ndi kansalu pamalo ofunda. Kuyambira tsiku lachitatu, tsiku lililonse muzichotsako theka n'kubwezeramo kapu ya fulawa ndi kapu ya madzi. Pakatha masiku asanu mpaka sabata liyenera kukhala ndi thovu ponseponse ndi fungo lowawasa labwino. Madzi otuwa akayandama pamwamba ndiye kuti lili ndi njala basi, lidyetseni. Koma mukaona nkhungu yaubweya, kapena mizere yofiira kapena yachikasu chofiirira, tayani lonse, tsukani chiwiya ndi madzi owira, yambaninso.

Masikono okwana mphika wa masentimita 30: makapu awiri a phalalo, makapu awiri ndi theka a fulawa, supuni yaikulu imodzi ya shuga, supuni yaing'ono imodzi ya mchere, theka la supuni yaing'ono ya soda, masupuni aakulu atatu a mafuta a nkhumba kapena a ng'ombe. Soda muyambe mwamusakaniza bwino mufulawa wouma. Akaunjikana pamalo amodzi amasiya madontho achikasu owawa ngati sopo. Ntchito yake ndi kuchepetsa kuwawasa ndi kuwonjezera kutupa, ndipo mukachulukitsa mwawononga zonse. Fikisani mafuta mufulawa ndi zala, boolani pakati, thirani phala, sonkhanitsani. Osakanda kwambiri, kupinda kakhumi kapena kupitirira pang'ono n'kokwanira. Mtanda wokandidwa mopitirira umabereka masikono otafuna movutikira. Nomolani timibulu tofanana ndi dzira, tigubuduzeni m'mafuta osungunuka mumphikamo, titsamirane. Akathithikana amakwera m'mwamba, akatalikirana amaphwatalala. Asiyeni pambali pa moto mphindi 20 mpaka 30 kuti atupe. Ndipo musaiwale kubwezera fulawa ndi madzi m'kamgolo nthawi yomweyo.

Tsopano kupserera kuja. Mphika woyenera, Dutch oven wa kutchire, uli ndi timiyendo titatu ndi chivundikiro chokhala ndi mkombero wogwira makala. Vuto ndi loti buledi wakhudza chitsulo chapansi, pamene pamwamba pali mpata wa mpweya pakati pa buledi ndi chivundikiro. Ndiye moto wofanana pansi ndi pamwamba ndi moto wochuluka pansi. Lamulo lake: magawo awiri a makala pamwamba, gawo limodzi pansi. Apansiwo muwayale mozungulira m'mphepete, pakati pasakhale khala ngakhale limodzi, chifukwa kutentha kumasonkhana pakati pokha. Mphika usakhale pamoto waukulu. Tapani makala ndi fosholo, ayaleni pambali panthaka youma, mphika ukhale pamenepo. Nthaka yonyowa imamwa kutentha ndi kuzimitsa makala, choncho yambani mwayalapo phulusa. Chivundikiro chitenthetseni kaye pamoto musanavundikire. Chozizira chimadya mphindi khumi chisanayambe kugwira ntchito, pansi pakupsa kale.

Mphindi zisanu zilizonse tembenuzani mphika pang'ono mbali imodzi, chivundikiro mbali inayo, kuti malo otentha asakhale pasikono imodzimodzi. Pakatha mphindi 12 mpaka 15, chotsani mphika pamakala apansi, umalize ndi apamwamba okha, chitsulo chasunga kale kutentha kokwanira. Zonse pamodzi mphindi 20 mpaka 25. Ngati mukugwiritsa ntchito makala ogula oumbidwa mofanana aja, 15 pamwamba ndi 9 pansi ndi poyambira pabwino pamphika wa masentimita 30. Kukakhala mphepo makala amatentha mbali imodzi n'kutha msanga, tchingani. Potsegula nyamulani chivundikiro mowongoka ndi ngowe, phulusa lingagwere mkati. Mphika wotentha osauthira madzi ozizira, umang'aluka.

Kamtedza:

Mayi Nachisale, mwandimasula. Nanga nyemba? Ngati masana kunalibe nthawi, nyemba zofuna maola angapo zinkapsa liti? Ndipo ndimamva kuti ankadya kwambiri nyama yatsabola ija, chili con carne. Ndi zoona?

Chitsulo Chakuda:

Achimwene, nyemba zinkapsa usiku kapena tsiku limene ngolo yaima malo amodzi, monga podikira mtsinje kuti uphwe. N'chifukwa chake zinkadyedwa kwambiri pangolo za m'mafamu kuposa paulendo wautali. Wophika ankaziviika m'mawa n'kuyenda nazo zili m'madzi, madzulo n'kuzitereka, kenako kukwirira mphika m'makala ndi phulusa kuti zipse anthu ali mtulo.

Kwa anthu 10 mpaka 12: kilogalamu imodzi ya nyemba za pinto. Sankhani timiyala, tsukani, viikani m'malita atatu a madzi kwa maola 8. Kukatentha kwambiri musapitirire maola 12, zimayamba kusasa. Tayani madziwo, thirani ena mpaka apitirire nyemba ndi zala zitatu. Ponyanimo magalamu 250 a nyama ya nkhumba yamchere yoduladula, anyezi awiri, ndi tsabola wofiira wouma ngati alipo. Zibwate mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira. Apa musadumphe, nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba, makamaka zofiira. Kenako chepetsani moto zizingonyenyera kwa maola awiri kapena atatu. Madzi akachepa wonjezerani otentha ochokera muketulo, chifukwa ozizira amaimitsa kuwira n'kukutayitsani nthawi ndi nkhuni. Mchere lawani kaye, nkhumba ija yathira kale wambiri.

Nyemba zikakana kufewa, anthu amanamizira mchere. Zifukwa zenizeni ndi zina. Choyamba ndi madzi. Mitsinje ina ya kumadzulo kwa Texas, monga Pecos, ili ndi madzi a michere yambiri, ndipo kashiamu wa m'madzi otere amalimbitsa khungu la nyemba. Mankhwala ake ndi kotala ya supuni yaing'ono ya soda pakilogalamu. Kupitirira apo nyemba zimasanduka phala ndipo zimamveka sopo. Chachiwiri ndi zowawasa: tomato, viniga ndi manyuchi zilowe nyemba zitafewa kale. Chachitatu ndi nyemba zogonera zaka m'malo otentha ndi achinyezi, zimenezo ngakhale muphike tsiku lonse sizimva. Chachinayi ndi kukwera kwa malo. Cha ku Denver, pamtunda wa mamita 1,600, madzi amawira pa madigiri 95, ndiye amene ankayendetsa ng'ombe kulowera ku Colorado ankafunika nthawi yowonjezera.

Chimodzi chokha musatengere kwa akalewo: kuyenda ndi nyemba zophika kale zili zofunda tsiku lonse. Tizilombo totsegula m'mimba timaswana bwino pakutentha kotero. Zikhale zotentha kwenikweni kapena zozizira kwenikweni.

Za chili con carne, kutchuka kwake kunachokera m'misika ya ku San Antonio ku Texas, ndipo tsabola wogaya wa William Gebhardt anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1890, maulendo ataliataliwa atatha. Tsabola wouma ankalowa ndithu m'miphika, makamaka wophika akakhala wa ku Mexico, ndipo ambiri anali otero, enanso anali anthu akuda omasulidwa ku ukapolo. Koma chakudya cha tsiku ndi tsiku chinali buledi, nkhumba yamchere kapena nyama yokazinga, msuzi ndi khofi.

Mwinimoto:

Ndiwonjezere za nyama. Musaganize kuti pokhala ndi ng'ombe 3,000 ankapha tsiku lililonse. Ng'ombe iliyonse inali ndalama ya mwini wake ikafika kumsika ku Abilene kapena ku Dodge City ku Kansas, komanso anthu 12 sangathe ng'ombe yaikulu isanawole. Ankasankha yaing'ono, yopunduka, kapena yosochera imene yalowerera m'gululo.

Kupha kunali kwa madzulo, dzuwa litapendeka ndipo ntchentche zitachepa. Nyama ankaigawa miyendomiyendo n'kuipachika usiku wonse kuti izizire ndi kuuma kunja. M'mawa dzuwa lisanatuluke ankaikulunga m'chinsalu cha lona n'kuiika pansi m'ngolo, zofunda za anthu onse pamwamba, kuti kuzizira kwa usiku kusatuluke. Madzulo aitulutse, aipachikenso. M'dziko louma lokhala ndi usiku wozizira nyama inkatha masiku angapo chonchi. Kumalo achinyezi njirayi siigwira, chifukwa kunja kwa nyama sikuuma. Ndipo kuikulunga idakali yofunda ndiko kuiwoletsa, imayambira pafupa.

Kaphikidwe kofala kanali kukazinga. Dulani mopyapyala, chala chimodzi, menyani ndi msana wa mpeni, thirani mchere, gubuduzani mufulawa n'kukutumula wotsala. Mafuta a ng'ombe omwewo asungunuke mumphika mpaka afike sentimita imodzi kuya kwake, atenthe moti kafulawa kakagweramo kalire pompo. Mukadzaza mphika mafuta amazizira, nyama imatulutsa madzi, fulawa amamatuka. Mukamaliza siyani masupuni atatu a mafuta, thirani masupuni atatu a fulawa, takasani afiire, kenako makapu awiri a madzi pang'onopang'ono mukutakasa. Umenewo ndiwo msuzi wosunsira masikono.

Zam'kati sizisungika, ndiye zinkadyedwa tsiku lomwelo, mumphika wa ndiwo zotchuka zotchedwa son-of-a-gun. Umafuna kamwana ka ng'ombe koyamwa, chifukwa chinsinsi chake ndi katumbo kena ka pamimba pake kamene kamakhala ndi zoyera zofewa mkati kakadali pamkaka. Sungunulani mafuta, kazingani mtima, lilime losenda ndi nyama yofiira zoduladula tizidutswa tating'ono, thirani madzi, ziwire maola awiri kapena atatu popeza ndizo zolimba. Kenako katumbo kaja kodula mphetemphete, nyama yofewa yoyera ya pakhosi, ndi chiwindi pang'ono chabe, chikachuluka mphika wonse umawawa. Ubongo unkalowa pomaliza kuti msuzi ukhuthale. Mchere ndi tsabola, basi. Lero fulawa angagwire ntchito ya ubongowo, ndipo ku America ubongo wa ng'ombe ya miyezi 30 kapena kuposa ndi woletsedwa kudya chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe.

Yotsala ankailenga timizere n'kuiyanika pazingwe. Ikhale yopanda mafuta, mamilimita 5 kukhuthala kwake, chifukwa mafuta ndiwo amayamba kununkha. Malangizo a masiku ano ndi oti nyamayo itenthedwe kaye mpaka madigiri 71 mkati isanaumitsidwe.

Tsabola:

Khofi mwamuiwala, chikhalirecho ketulo ndiyo inkayamba kukwera pamoto ndipo inkatsika pomaliza. Olondera ng'ombe usiku ankasinthana maola awiriawiri, aliyense podzuka ankadzera paketulo.

Poyamba ankanyamula khofi wosakazinga, wophika n'kumakazinga yekha m'chiwaya, popeza wokazingakazinga ankasuluka msanga. Zinasintha John Arbuckle wa ku Pittsburgh atatenga chilolezo mu 1868 cha njira yokutira njere zokazinga ndi dzira ndi shuga kuti fungo lisathawe. Khofi wake wa Ariosa ankabwera m'mapaketi a paundi imodzi, magalamu 454, muli kaswiti ka peppermint, ndipo wophika ankapereka kaswitiko kwa amene wavomera kupukusa chigayo chokhomedwa pabokosi.

Muyezo: magalamu 60 a khofi wogaya mokhakhala pa lita imodzi ya madzi. Wosalala kwambiri sakhazikika pansi. Thirani khofi madzi akangofunda, awire mphindi zitatu kapena zinayi, tsitsani, dikirani mphindi ziwiri, kenako thirani theka la kapu ya madzi ozizira kudzera kumlomo wa ketulo. Madzi ozizirawo amatsuka nsenga zokakamira kumlomo, amaimitsa kuwira, ndipo nsenga zimatsikira pansi. Ketulo musaidzaze, siyani mpata wa zala zitatu, chifukwa ikangoyamba kuwira thovu limasefukira pamoto. Ankamwa wopanda mkaka.

Nachisale:

A Tsabola, kuti akale ankawiritsa ndikuvomereza, koma a Kamtedza adziwe kuti mphindi zinayizo zikuyenera khofi wokhakhala yekha. Wogaya kale wa m'mapaketi ambiri ndi wosalalirapo, ndipo akawira nthawi yonseyo amawawa mpaka kukhosi. Ngati ndi ameneyo, wiritsani madzi okha, tsitsani ketulo, werengani mpaka 30, thirani khofi, takasani, vundikirani mphindi zinayi pambali pa makala, kenako madzi ozizira aja. Ndipo akapsa mutsanulireni m'chiwiya china ngati simumwa nthawi yomweyo, chifukwa akakhala pansenga pafupi ndi moto amapitiriza kuwawa.

Ngati mukufuna chotsekemera chotsatira, viikani makapu awiri a maapozi ouma usiku, aphikeni ndi theka la kapu ya shuga mpaka afewe, atsanulireni mumphika wopaka mafuta, pamwamba yalani mtanda womwe uja wa masikono mopyapyala, muubooleboole kuti nthunzi ituluke. Makala apansi achepe kuposa a buledi, chifukwa shuga amapserera fulawa asanapse.